Chotupa Chimene Sichinkafa

A Pulofesa anawapeza Lolemba m'mawa atagwa chafufumimba m'kachipinda ka makoswe odwala, tsaya lili pa simenti, magalasi awo ali pansi pa sinki. Anawapeza ndi bambo wosamalira makoswe, yemwe analowa ndi ndowa ya utuchi n'kuitaya pakhomo pomwepo. Insipekitala atafika anachita kuulumpha utuchiwo.

Bala linali limodzi, kunkhongo. Pambali pa mtembo panali sipanala yaikulu yotsegulira botolo la gasi, tsitsi la imvi litamatirira kumutu kwake. Dokotala wa apolisi anati munthuyo anafa dzulo lake chakumasana. Pashelefu panali timakola tinayi topanda kanthu, madzi ndi chakudya zikadali momwemo.

"Kuseri kuli ng'anjo yotenthera zinyalala, bwana," anatero Sajeni, mayi wamtali amene ankayenda naye pa milandu yonse. "Yazizira, koma phulusa ndi latsopano. Muli timafupa."

"Ta munthu?"

"Ta makoswe."

Insipekitala anatuluka n'kutsata khonde lalitali la labotaleyo. Kumapeto kwake kunali chitseko chagalasi, ndipo pansi panali patajambulidwa mzere wachikasu. Anali atakweza kale phazi pamene mawu anamveka kumbuyo kwake.

"Imani pomwepo."

Anali mayi wachikulire, wamfupi, wovala chikhoti choyera, manja ali m'matumba. Ameneyu anali wachiwiri wa a Pulofesa, dokotala wamkulu pa kafukufuku wa khansa, koma palibe ankawatchula ndi udindo. Kuyambira mlonda mpaka mkulu wa bungwe, onse ankangoti Amake Makoswe.

"Kunyumba kwanu mumaweta chiyani?" anafunsa.

"Mayi, ine ndine wapolisi."

"Ndaona. Ndikufunsa zoweta."

Insipekitala anali ataonapo mitembo m'ngalande, m'mabala ndi pakama paukwati, koma anali asanaimitsidwepo pakhomo kuti afotokoze za ziweto. Anayankha monyinyirika kuti mdzukulu wake ali ndi mbira ziwiri.

"Ndiye mzerewu simuudutsa. Makoswe ali umo onse ndi magazi amodzi, takhala tikukwatitsa pachibale kuyambira kalekale. Kachilombo kamodzi kakunja kangawamalize onse. Amene wagwira mbira, khoswe wakunja kapena khoswe wodwala amakhala sabata yathunthu osalowa. Ngakhale mkulu wa bungwe lino amaimira pomwe mwaima inupo."

Anasuzumira pagalasi. Mashelefu anafika mpaka kudenga, ndipo m'timakola munali makoswe oyera mbee, a maso ofiira, ofanana ngati anachita kudinda. Sanali makoswe amene iye ankawadziwa, aja oboola matumba ndi kudya sopo. Awa ankangomuyang'ana modekha, ngati iyeyo ndiye wofunika kupimidwa.

Chimene chinamudabwitsa m'mawa umenewo ndi maliro ake. Anthu ankalira ndithu, ena atagwira mitu m'khonde, koma akawayandikira ankamva kuti dzina la a Pulofesa silikutchulidwa. Bambo wosamalira makoswe anapukuta misozi ndi mkono n'kunena kuti, "Chotupa chapita, bwana. Chapita basi."

Anakafunsa Amake Makoswe mu ofesi mwawo kuti chotupa chake n'chiti choti anthu akuluakulu n'kuchilira kuposa munthu.

"Zaka makumi atatu zapitazo," anayamba motero, "malemu amuna anga anapeza khoswe wamkazi wokalamba ali ndi chotupa cha khansa m'khwapa. Anadulako kachidutswa ngati njere ya mpunga, n'kukaika pansi pa khungu la khoswe wamng'ono. Kanagwira. Patatha milungu itatu kanali katakula ngati chala chachikulu. Anadulanso, n'kuika mwa wina. Kuno timati kuwokera, monga amachitira ndi mbande. Khoswe woyamba uja anafa chaka chomwecho. Amuna anga anamwalira pambuyo pake. Chotupa chinapitirira, khoswe ndi khoswe, ndipo mankhwala onse amene tinayesa m'nyumba muno tinayesera pa icho."

"Mukundiuza kuti mnofu wa khoswe amene anafa ine ndili kusukulu ya upolisi unali wamoyo mpaka dzulo?"

"Wamoyo, komanso wanjala."

Insipekitala anamva tsitsi likumuyenda. Anali ataika m'manda mlongo wake chifukwa cha khansa ya m'mawere, ndipo ankadzitonthoza kuti chinthu chimene chinamudyacho chinafera naye limodzi. Tsopano ankamva kuti chinthucho pachokha sichikalamba. Chimafa chifukwa choti nyumba yake yagwa, koma ukachipatsa nyumba ina chimapitiriza ngati palibe chachitika.

"Nanga a Pulofesa anawapheranji makoswe anayi aja?"

"Mwezi watha tinapeza kachilombo mwa iwo. N'chifukwa chake anawapatula m'kachipinda kaja. Lamulo limati makoswe otero aphedwe n'kutenthedwa. Tinali ndi tizidutswa tosunga mufiriji, koma tinafa chaka china firiji itawonongeka. Ndiye chotupa chonse chinali mwa anayiwo."

"Inu munagwirizana nazo?"

"Lamulo ndi lamulo."

"M'kachipindako mumalowamo?"

"Chiyambire matendawa sindinapondemo. Ine ndimasamala chipinda choyera. Umo ankalowamo a Pulofesa ndi dokotala wamng'ono basi."

Posaina zimene ananenazo dzanja lawo linanjenjemera kwambiri moti dzina linatuluka lokhotakhota. Insipekitala anangoti ndi chisoni.

Pofika madzulo, mlandu unali utadziyenda wokha. Anthu atatu ananena kuti pa msonkhano wa Lachisanu dokotala wamng'ono anamenya tebulo n'kuwauza a Pulofesa kuti, "Mukangowakhudza makoswe aja, muona." Mlonda anati Lamlungu masana anamuona akulowa pageti, kenako akutuluka chothamanga, osayankha ngakhale moni. Pa sipanala panali zidindo za zala zake. Ndipo apolisi atamufunsa koyamba, iye anati tsiku lonse anali kunyumba. Anamutenga ali pakhomo pake, mkazi wake akuyang'ana, khanda lili m'manja.

M'chipinda chofunsira mafunso, Lachiwiri m'mawa, dokotalayo ankaoneka ngati mwana wasukulu wogwidwa ndi mayeso m'thumba. Anali wowonda, wa zala zazitali, ndipo malaya ake anali atakwinyika ndi simenti ya m'chitolokosi.

"Unatinamiza," anatero Insipekitala.

"Ndinanama, bwana."

"Unakatani kuntchito Lamlungu?"

"Ndinapita kukaba khoswe."

Sajeni anasiya kulemba n'kumuyang'ana.

"A Pulofesa anati awapha Lolemba. Ndinkafuna nditengeko mmodzi ndikamubise. Kachilombo kaja kangathe kuchotsedwa, ndinawauza, koma sanafune kumva. Nditalowa ndinapeza timakola tili pululu, iwo ali pansi. Ndinawagwira pakhosi, anali atapita. Ndinakumbukira zimene ndinalankhula Lachisanu, miyendo inangonditenga."

"Zala zako pa sipanala?"

"Botolo la gasi ndimasintha ndine. Gasiyo ndi amene timaphera makoswe."

"Ukudziwa kuti Lachisanu ukaonekera kukhoti pa mlandu wakupha? Ukudziwa kuti mwana wako akhoza kukula, kukwatira, iwe uli m'ndende?"

Anagwedeza mutu, misozi ikulengeza. Kenako anafunsa funso limene Insipekitala sanaliyembekezere.

"Bwana, timafupa ta m'ng'anjo tija munatiwerenga? Analidi anayi?"

"Ndi phulusa lokhalokha. Iwe ukuganiza za makoswe nthawi ino?"

"Simunachione, bwana. Mukanachiona pa maikulosikopu simukanandifunsa choncho."

Panja, pabenchi ya polisi, mkazi wake anali atakhala kuyambira m'mawa ndi kontena ya chakudya pamwendo. Anaimirira Insipekitala akudutsa. "Bambo, amuna anga sapha ngakhale nkhuku," anatero. Insipekitala anafuna kumuuza kuti amuna akewo amapha makoswe mlungu uliwonse, koma anaugwira mtima. Mkulu wa polisi anali atanena kale kuti nkhaniyi yatha, failo ipite kwa oimira boma. Umboni unali wokwanira ndithu, koma Insipekitala mtima sunakhazikike. Anthu akupha amene anawadziwa pa moyo wake ankafunsa za loya, za belo, za amayi awo. Panalibe amene anafunsapo za timafupa.

Lachitatu anabwerera ku labotale, n'kupempha Amake Makoswe kuti amuonetse chinthu chimene munthu angaphere mnzake. Iwo sanadabwe. Anamuuza kuti atenge yekha kagalasi m'bokosi, akaike pa maikulosikopu, azungulize kachitsulo ka pambali mpaka ziwale.

Poyamba anangoona chifunga chofiirira. Kenako zinangoti ngwee, ndipo mpweya unamuthawa. Munali khamu. Timadontho tambirimbiri tothithikana, tina tatikulu, tina topindika, tikukankhana ngati anthu pakhomo la basi. Panalibe mzere, panalibe malo opumira.

"Yang'anani pakati, chakumanja pang'ono," anatero mayiwo. Mawu awo anali atafewa. "Mukuona kamodzi kokhala ndi timizere tiwiri takuda, totalikirana?"

"Ndikukaona."

"Kameneko tinakagwira kali mkati mogawikana. Kanali kamodzi, kakusanduka tiwiri. Zakhala zikutero usana ndi usiku kuyambira tsiku limene amuna anga anagwira mpeni. Selo la m'thupi lanu limagawikana kangapo n'kutopa. Ili linaiwala kutopa."

Insipekitala sanachotse diso msanga. Anachita mantha, ndipo pamodzi ndi manthawo anamva ulemu umene sanaufune. Iye moyo wake wonse ankagwira ntchito ndi zinthu zotha, ankaitanidwa zonse zitatha kale. Apa panali chinthu chochepa kuposa fumbi chimene chinaika m'manda khoswe amene anachibala, munthu amene anachipeza, ndi makoswe mazanamazana amene anachinyamula. Atadzutsa mutu anaona kuti mayiwo akumwetulira pang'ono, nkhope yawo ili phee. Pa anthu onse a m'nyumbamo, iwo okha ndiwo sanali pa maliro.

Potuluka anachedwa dala m'khonde, akumanga chingwe cha nsapato chimene sichinamasuke. Amake Makoswe anayenda mpaka pachitseko chagalasi, n'kuima nsonga za nsapato zitatsala pang'ono kukhudza mzere wachikasu. Anagogoda pagalasi, n'kumuuza bambo wosamalira makoswe, yemwe anali mkati, kuti asinthe mabotolo a madzi a shelefu yapamwamba. Kenako anabwerera ku ofesi.

Insipekitala anamudikira bamboyo kuseri, pafupi ndi ng'anjo, pomwe ankamwera tiyi.

"Amayi aja salowa m'chipinda choyera?"

"Iwowo? Chiyambire ntchito ine, m'mawa uliwonse amayamba kupereka moni kwa makoswe, ife anthu pambuyo. Koma sabata ino amangoimira pamzere n'kumandituma. Ndi chisoni, bwana. A Pulofesa anali mnzawo wa amuna awo, ankatchulana alamu."

"Chiyambire Lolemba sanalowepo?"

"Olo kamodzi. Ngakhale ana awiri aja dzulo ndinachita kuwatulutsira ndine."

"Ana ati?"

"Timakoswe tiwiri tatikazi. Anati akufuna akapime magazi."

"Tinabwerera?"

"Khoswe akatuluka sabwerera. Koma ngakhale mitembo yoti nditenthe sanandipatse."

Insipekitala anayang'ana chitseko chachitsulo cha pafupi ndi ng'anjoyo. Chinkatulukira kumsewu wakumbuyo, kumene kunalibe mlonda. Anafunsa amene ali ndi makiyi ake, ndipo anayankhidwa kuti a Pulofesa ndi amayi aja.

"Funso lomaliza. Wowokera chotupa ndani?"

"Kale anali amayi omwewo, ndipo dzanja lawo linali lodziwika. Koma manja anayamba kuwanjenjemera, papita zaka zingapo. Masiku ano ngakhale kapu amaigwira ndi manja awiri. Wowokera ndi mnyamata uja mwamutsekera."

Mugalimoto, Sajeni anadikira mpaka atatuluka pageti. "Mwangoti zii, bwana. Mwapeza chiyani?"

"Mayi amene anatiuza kuti sanaponde m'kachipinda ka odwala kwa mwezi wathunthu. Ngati n'zoona, chikuwaletsa kudutsa mzere uja n'chiyani?"

"Mwina ali ndi mbira, ngati inu."

"Mwina. Ndiye ukatenge chilolezo cha khoti, tikazione mbirazo."

Chilolezo chinatuluka Lachinayi masana. Amake Makoswe ankakhala okha m'nyumba yosanja, pamwamba pa shopu yosoka makatani. Tsiku limenelo kuntchito sanapite. Anatsegula chitseko Sajeni asanamalize kugogoda, ndipo fungo la utuchi ndi mankhwala ogonetsa linawalandira alendowo mwini nyumba asanawalandire.

"Pepala lanulo lisungeni," anatero. "Lowani, koma musaphokosere."

Anawatsogolera kuchipinda chakumapeto, chodzaza ndi mabuku a malemu amuna awo. Patebulo lositira zovala panali patayalidwa nsalu yoyera, pali timipeni, singano ndi thonje. Pakona panali timitolo tiwiri tokulungidwa m'mipango. Ndipo pampando, pomwe pankafika kadzuwa ka pawindo, panali khola.

Khosweyo anali atagona chammbali, akupuma mofulumira. Pansi pa mwendo wake wakutsogolo panatuluka chotupa chachikulu ngati dzira la nkhuku, khungu lake litakokeka mpaka kunyezimira, timitsempha tofiira tikuoneka pansi pake. Atayesa kudzuka, chotupacho chinamukoka n'kumubweza. Insipekitala anazindikira kuti wavula chipewa osadziwa.

"Wachinayi," anatero.

"Wachinayi."

"Timitolo ito?"

"Timakoswe tiwiri tija. Ndinayesa kuwokera ndekha." Anatulutsa manja m'matumba n'kuwatambasula patsogolo pake. Ankangoti njenjenje ngati masamba. "Woyamba ndinamupyoza m'mimba. Wachiwiri ndinamuchulutsira mankhwala ogonetsa. Ndagwira ntchitoyi moyo wanga wonse, ndipo sindinatayepo khoswe patebulo."

"Khalani pansi, mayi. Sajeni alemba. Mukudziwa kuti zimene munene zikagwiritsidwa ntchito kukhoti."

Anakhala m'mphepete mwa bedi, maso ali pakhola.

"Mwandigwira bwanji?"

"Munaima pamzere."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ndinaganiza zolowa, kuti anthu asadabwe. Lolemba ndinafika mpaka pachitseko. Koma manja awa anali atagwira wodwala, ndipo umo muli ana mazana. Inu ndikanatha kukunamizani chaka chathunthu. Iwo aja ayi."

"Tiuzeni za Lamlungu."

"Alamu anga aja ndinkawadziwa. Akanena kuti Lolemba, ndiye kuti achita Lamlungu, kuti pasakhale wowachonderera. Ndinalowera kuseri. Ndinawapeza atatsiriza atatu, ali m'thumba la zinyalala, akutsegula khola la uyu. Ndinagwada, bambo. Ine amene sindinagwadirepo munthu m'nyumba imene ija. Ndinati tipatseni mwezi umodzi, mnyamata uja ali ndi njira yochotsera kachilomboko. Anandiuza kuti zotsatira zathu palibe angazikhulupirirenso, tiitanitsa maselo ena kunja ngati mmene amachitira aliyense. Kenako anati, 'Alamu, ndi nyama chabe iyi. Mnzanga uja anapita kalekale, musiyeni apume.' Anatembenuka kuti atsegule gasi. Sipanala inali pasinki."

"Munawamenya kangati?"

"Kamodzi. Ndinaigwira ndi manja awiri, nditavala magolovesi. Ndinadabwa kuti pamenepo sananjenjemere." Kenako anati, "Atatu aja ndinawatentha kuti pasapezeke wowerenga. Uyu ndinamuika m'chikwama."

"Munapha munthu chifukwa cha khoswe."

"Osati khoswe. Khoswe ndi nyumba chabe." Kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana m'maso. "Mwana sitinakhale naye. Zovala za amuna anga ndinagawa, mawu awo ndinayamba kuwaiwala. Koma kachidutswa kaja anakadula ndi dzanja lawo, ine nditawagwirira nyale, tili achinyamata tonse. Pa zinthu zonse zimene anazikhudza, chokhachi ndiye chikadali chamoyo. Milungu itatu iliyonse ndinkachiona chikudzukanso. Inu munachiona dzulo, bambo. Nkhope yanu ndinaiona."

Insipekitala sanakane. Anangofunsa kuti, "Nanga mnyamata uja?"

"Ndinkati mumumasula. Alibe mlandu."

"Mawa akupita kukhoti. Mkazi wake wakhala pabenchi yathu masiku atatu ndi khanda. Munali kuti?"

Insipekitala anadikira, akuyembekeza kuti mwina mayiwo atsitsa mutu, mwina afunsa za khandalo. M'malo mwake analoza khola.

"Chadutsa nthawi yake. Mukuona pamene payamba kuda apo? Chikuola kuchokera mkati. Sichifika Loweruka. Mutulutseni lero, bambo. Lembani zonse, ndisaina paliponse pamene mukufuna, koma abwere lero. Palibe wina ali ndi manja ake."

Apa Insipekitala anapsa mtima, ndipo sanabise. "Ndiye simukuulula chifukwa cha iye. Manja anu akanakhala abwino, timakoswe ito tikanakhala moyo, mukanamusiya aolere m'ndende."

"Sindikudziwa," anayankha motsitsa. "Ndimafuna ndinene kuti ayi."

Sajeni anawatsitsa pamasitepe atawagwira pamkono, popanda unyolo. Insipekitala anatsala yekha ndi khola. Mwalamulo khosweyo anali umboni. Akanatha kumumata chikwangwani n'kumutsekera m'chipinda cha katundu wa milandu, pakati pa zikwanje ndi mawailesi obedwa, ndipo pofika Loweruka chinthu chimene chinapha a Pulofesa, kutsekeretsa wosalakwa ndi kusandutsa mayi wanzeru chigawenga chikanatha chokha. Anazilakalaka ndithu zimenezo. Koma anaganizanso za odwala ogona m'mawodi, amene mwina mankhwala awo a mawa anali m'chotupa chomwechi. Anaona kuti nkhani imeneyi yamukulira. Anajambula khosweyo mbali zonse, n'kumuthirira madzi m'botolo.

Dokotala wamng'ono anatuluka m'chitolokosi dzuwa litapendeka, atanyamula lamba ndi zingwe za nsapato m'manja. Mkazi wake anamukumbatira pamasitepe a polisi, khanda lili pakati pawo, ndipo analira osasamala za anthu odutsa. Insipekitala anawasiya kaye. Kenako anamuitanira pambali mwamunayo n'kumuuza zonse, osachotsa kanthu. Anamuuza amene anapha, ndiponso kuti mayi amene anamuphunzitsa kugwira mpeni anamusiya m'chitolokosi mpaka pamene anafuna manja ake.

"Ulibe ngongole ndi munthu aliyense," anamaliza motero. "Pita kunyumba, ukasambe, ukagone pabedi."

Insipekitala anaganiza kuti dokotalayo atukwana, ndipo akanamumvetsa.

"Chotupacho chakula bwanji?" anafunsa dokotalayo.

Insipekitala anapinda zala n'kumuonetsa.

"Khungu lang'ambika?"

"Ayi. Koma payamba kuda pakati."

"M'mbali mukadali moyo ndiye." Anayamba kulowetsa zingwe m'nsapato mofulumira. "Muwaimbire bambo osamalira makoswe aja atulutse atatu aakazi, a milungu isanu ndi umodzi. Awaike m'khola lotseka, asayandikire ena."

Mkazi wake anali atayandikira. "Bambo a mwana, tiyeni. Madzi ndasiya pamoto kwa aneba."

"Ola limodzi lokha, mayi a mwana. Ndikupezani."

"Mwakhala masiku atatu m'chitolokosi chifukwa cha chinthu chimenecho."

"Ndikudziwa. Ola limodzi."

Anatsegula yekha chitseko cha galimoto ya apolisi, yomwe ija inamubweretsa womangidwa, n'kukhala kutsogolo. Insipekitala analiza injini mtima uli wolemera. Pagalasi loonera kumbuyo anamuona mayi uja ataima pamasitepe, khanda paphewa, kontena ya chakudya ili m'dzanja, akucheperachepera. Dokotalayo sanacheuke. Anali ataika manja pamaondo, akupinda ndi kutambasula zala zake zazitali, chimodzichimodzi, kuzikonzekeretsa ntchito.